Tsiku Limene Chikanda Chinalowa M'lipoti la Mijigo

Mukadzandiona m'mawa pa siteji ya basi ku Chelstone mu Lusaka muno, chikwama cha laputopu chili pachifuwa, nkhope ili gwa, musandifunse chifukwa chake ndimapitabe ku ofesi pomwe anzanga onse amagwirira ntchito kunyumba. Ndikuuzani lero kamodzi kokha, ndipo ndikamaliza musandimvere chisoni. Chisoni sindikuchifuna. Chimene ndikufuna n'chakuti wina avomereze kuti nzeru yanga inali yabwino, kungoti inagwera anthu osakonzeka (mmodzi wa osakonzekawo ndinali ine, koma zimenezo tifikako).

Ndimagwira ntchito pa kaofesi kena ku Kabulonga, ndipo tilipo anayi. Anthu ena amapita m'makomboni kukafunsa mafunso n'kulemba mayankho pamapepala, ife n'kumalongosola zolembedwazo kuti zimveke. Nthawi imeneyo tinali pa ntchito ya mijigo: uti ukutulutsa madzi, uti unauma, uti unathyoka mkono. Abwana athu ndi mayi Mulenga a ku Woodlands, omwe tonse timangowatcha ba Madam. Ndiye pali ba Tisa a ku Kabwata, mayi wosabwereza mawu kawiri, ndi ba Chanda a ku Makeni, omwe amajambula mapu. Wachinayi ndine, wa zamakina. Dzina langa analiiwala kalekale, amangoti ba Kompyuta.

Kuti ndifike ku Kabulonga ndimakwera basi ziwiri. Yoyamba imanditsitsa m'tauni, ndimadutsa m'chipwirikiti cha ku City Market ndikuteteza chikwama ndi zigongono, kenako n'kukwera yachiwiri. Pobwerera n'chimodzimodzi. Kuseri kwa nyumba yanga ndinali ndi kadimba ka repu ndi tomato komwe ndinkangokaona Loweruka, kali kofota, kakundiyang'ana mwachidzudzulo. Zinkandiwawa, ndisaname. Munthu wa zaka zanga, wophunzira, kumakalambira m'basi.

Tsopano ndiloleni ndifotokoze kanthu kamodzi ka pantchito, chifukwa popanda kameneka simuona kuti ndinali wochenjera bwanji. Timagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa notibuku. Umalemba lamulo m'kabokosi, n'kudina, yankho n'kutuluka pansi pake. Koma notibukuyo ndi nkhope chabe. Chimene chimaganiza ndi kukumbukira chili kuseri, ndipo chimatchedwa kenelo. Ukaiuza kuti "sunga mndandanda uwu, uutche dzina lakuti," imausunga m'mutu mwake malinga ngati ili yoyaka. Ukaizimitsa n'kuiyatsanso, mutu wake umayera mbee, imakuyang'ana ngati sinakuonepo.

Tsiku lina ndinatulukira kuti kenelo imodzi ikhoza kumvera makompyuta angapo nthawi imodzi. Pali kafayilo kakang'ono komwe kenelo imalemba ikayaka, kokhala ndi manambala olowera ndi kiyi wachinsinsi. Aliyense amene ali ndi kafayiloko, ngati ali ndi njira yofikira makina a mu ofesi, akhoza kuyankhula ndi kenelo yomweyo ali kwawo. Ndipo makina athu a mu ofesi ndi chimphona, ali ndi mabatire ndi sola, moti magetsi akathima iwo sadziwa n'komwe. Nditazindikira zimenezi ndinaimirira pampando. Ndinaona basi za ku Chelstone zikunditsazika.

Ndinapita kwa ba Madam tsiku lomwelo.

"Ba Madam, nili na plan," ndinatero. "Tonse tingazisebenzela ku nyumba. Makina ya mu office izankala yoyaka, ise tizingongenamo kuchokela kwatu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga vikasokonezeka?"

"Sivingasokonezeke. Ni ine nachita."

(Chiganizo chimenecho ndachibwereza m'mutu kambirimbiri, makamaka basi ikaima pa mzere wa magalimoto pa msewu wa Great East.)

Ba Madam anavomera kuti tiyese kwa milungu itatu. Lachisanu lomaliza kunali kubwera alendo awiri ochokera kwa omwe anatipatsa ntchito ya mijigo, kudzaona lipoti. "Lipoti ikayenda bwino, tipitiliza," anatero. "Ikalephela, Monday bonse pa office na eight." Ndinagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa mayeso a kalasi yoyamba.

Ndinaphunzitsa ba Tisa ndi ba Chanda masana amodzi. Ndinawaikira kafayilo kaja, n'kuwaonetsa polemba ndi podina. Pa maphunziro amenewa ndinachita zinthu ziwiri zomwe ena amati ndi zolakwa. Choyamba, ndinawauza kuti aliyense ali ndi zenera lake, zomwe zinali zoona. Chimene sindinanene n'chakuti mazenera onsewo ndi a chipinda chimodzi, ndipo ukasuntha mpando kudzera pa zenera lako, wasuntha mpando wa aliyense. Ndinkaganiza kuti n'zodziwikiratu. Chachiwiri, ine ndili ndi chizolowezi chotcha mndandanda uliwonse dzina limodzi, tebulo, chifukwa n'lalifupi ndipo zala zinalizolowera. Pa chitsanzo chilichonse chimene ndinawaonetsa ndinkalemba tebulo. Ba Tisa, omwe amalemba zonse m'kope, anajambula mzere pansi pa liwulo.

Milungu imeneyo inali yokoma, abale. Ndinkadzuka dzuwa litatuluka, kuthirira repu, kumwa tiyi nditakhala pansi ngati munthu, kenako n'kutsegula laputopu nditavala kabudula. Tomato anayamba maluwa. Mkazi wanga anati wayamba kundizindikira nkhope masana.

Ntchito yanga inali yokonza mndandanda wa mijigo, umene unali wosokonekera ngati ulusi woseweretsa mphaka. Mjigo umodzi unalembedwa katatu, wina unalembedwa kuti unauma komanso kuti ukutulutsa madzi, wina unaikidwa pakati pa msewu. Ndinkaimbira foni anthu omwe anakafufuza, kuwafunsa umodziumodzi, n'kumakonza. Koma m'malo molemba zokonzazo mu notibuku kuti zikhalepo, ndinkangozilemba pa kazenera kapambali kolankhulira ndi kenelo mwachangu. Kenelo inkazikumbukira zonse. Masiku khumi ndi awiri ndinachita zimenezi, osasunga pa fayilo ngakhale kamodzi.

Ba Chanda anandifunsapo pa foni. "Ba Kompyuta, mwasevako iyi data?"

"Nizaseva tikasiliza. Kenelo yanga sigona."

"Nanga ikagona?"

"Ba Chanda, imwe chitani ma map."

Ndinkawerenga masiku amene kenelo yakhala yoyaka ngati mmene madalaivala ena amanyadira galimoto yosadziwa galaja. Kusunga ndinkakuona ngati kusakhulupirira.

Chenjezo linabwera mlungu wachiwiri. Ndinalemba lamulo laling'ono, yankho osatuluka. Ndinadikira, ndinakaika madzi pamoto, ndinabwerako, kuli zii. Zoona zake n'zakuti kenelo imamvera munthu mmodzi nthawi imodzi, ena onse amaima pamzere, ndipo ba Chanda anali ataipatsa mapu aakulu oti ijambule. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti ngati tikudikirana chonchi, ndiye kuti tikugawana chiyani china. Ine ndinangoimbira ba Chanda n'kuwakalipira kuti azijambula mapu awo nthawi ya nkhomaliro.

Lachisanu lija linafika. Ndinavala jekete ya maukwati n'kukwera basi zanga ziwiri mokondwa, podziwa kuti n'zomaliza. Mu ofesi munali ine ndi ba Madam basi. Ba Chanda anali ku Makeni, okonzeka. Ba Tisa anali atapempha tchuthi chifukwa Loweruka kunali chilanga mulilo cha mng'ono wawo, mwambo uja womwe akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kuzinyamula kupita nazo kwa mkamwini, ndipo iwo ndiwo anali mkulu wa zophika. Choncho ba Tisa sindinawaganizire n'komwe.

Apa mpamene ndinawonjezera tsabola wosafunika. Pali kabatani komwe ukakatsegula, zonse zimene anzako akulemba ku kenelo zimaonekeranso pa zenera lako. Ndinakatsegula. Tinagwirizana ndi ba Chanda kuti nthawi ikakwana 10 koloko alembe kanthu, alendo aone ndi maso awo kuti ife ndi anthu amakono. Laputopu ndinailumikiza ku makina oonetsera pakhoma, zilembo zinali zazikulu ngati za pa sitolo ya ku Kamwala.

Alendo anali awiri, bambo wa magalasi wosamwetulira ndi mayi wa chitenje chokongola amene ankalemba chilichonse. Poyamba zinayenda bwino kwambiri. Ndinalemba tebulo, mndandanda wa mijigo n'kutuluka pakhoma uli woyera, wolongosoka, ntchito ya masiku khumi ndi awiri. Nthawi itakwana, mawu a ba Chanda anatulukira okha: moni wochokera ku Makeni. Mayi uja anagwedeza mutu. Ba Madam anamwetulira pang'ono, zomwe kwa iwo ndi phwando. Ine ndinaimirira, n'kutembenukira alendo, khoma lili kumbuyo kwanga, n'kuyamba kulalikira za tsogolo la ntchito mu Lusaka.

Pamene ndinkalalikira, ku Kabwata ba Tisa anali pa vuto. Azimayi oposa makumi awiri anali atalonjeza zophika, ndipo iwo ankafuna kuona ngati pali ndiwo zobwerezedwa kapena zosowa. Anakumbukira kuti ba Kompyuta anawaphunzitsa kusanja mndandanda ndi lamulo limodzi. Anatsegula zenera lawo, analowetsa mndandanda wawo, n'kuutcha dzina lomwe linali ndi mzere pansi m'kope mwawo.

Ine sindinaone. Ndinali kalikiliki kuyang'ana alendo m'maso.

Bambo wa magalasi anadula ulaliki wanga. "Tionetseni malo khumi amene ali pa mavuto kwambiri."

Ndinawerama, n'kulemba lamulo osayang'ana n'komwe (zala zinkadziwa njira), n'kudina, n'kuwongoka. Ndinaloza kukhoma ndi dzanja lonse, maso akadali pa alendo.

"Awa ndiwo akufunika thandizo mwamsanga," ndinatero.

Bambo uja anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Mayi uja anasiya kulemba. Kenako anayamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mmene amawerengera zolengeza kutchalitchi.

"Aunty Beauty, chikanda. Bana Mapalo, ifisashi. Amai Nyirenda, kapenta. Amai Zulu, chikanda. Nkhuku ya kumudzi, palibe amene wavomera."

Ndinatembenuka. Mijigo yanga panalibe. Pamalo pa komboni iliyonse panali dzina la mayi, pamalo pa madzi panali ndiwo. Ndinalembanso tebulo, ngati kuti kenelo sinamve bwino poyamba, ndipo inandipatsa chikanda chomwecho, mokhulupirika.

"Ni chani ichi?" anafunsa ba Madam motsitsa mawu. Iwo akatsitsa mawu ndiye kuti zafika poipa.

"Ni kavuto kang'ono chabe ka network," ndinanama.

Nthawi yomweyo ba Tisa, osadziwa kuti ali pakhoma la ku Kabulonga, anayamba kudzilembera tozikumbutsa. Mzere unatuluka, zilembo zake zazikulu bwino: Aunty Beauty osabapasa chikanda, last time chinali cha manzi. Mayi wa chitenje anaphimba pakamwa ndi kope lake, mapewa akugwedezeka. Mzere wina unatsatira, wonena za mayi wina amene amabwera ndi poto wamkulu koma wosadzaza.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa mpamene anthu amandiweruzira. Munthu wailesi ikamalira mosokosera amaimenya. Si nzeru, koma ndi umunthu. Ine ndinkangofuna kuti Aunty Beauty achoke pakhoma. Ndinagwira mbewa ya kompyuta, n'kupita pa batani loyambitsanso kenelo. Makina anandifunsa, ndipo ndikuvomera kuti anafunsa momveka, ngati ndikutsimikiza, popeza zonse zimene kenelo ikukumbukira zifafanizika. Ndinadina kuti inde. Ndinadina mwamphamvu, ngati mwamuna.

Khoma linayera. Ndinapuma kamodzi mosangalala. Pa mpweya wachiwiri mpamene ndinakumbukira kuti masiku khumi ndi awiri aja sanali pa fayilo iliyonse padziko lapansi.

Ndinalemba tebulo. Kenelo inayankha mwaulemu kuti dzina limenelo silidziwa.

Foni yanga inalira patebulo (tebulo lenilenilo, lamatabwa, lomwe linali lokhalo lotsala). Dzina la ba Tisa linaoneka. Ndinkafuna kuidula, koma ba Madam anatambasula chala n'kudina kuti tonse timve.

"Ba Kompyuta," anatero ba Tisa, kumbuyo kwawo kukumveka mitondo ndi kuseka kwa azimayi, "nindani wafafaniza list yanga? Nenze pafupi kusiliza."

"Ba Tisa, mwangena mu kenelo ya nchito na list ya vakudya."

"Munakamba mweka ati aliyense ali na window yake."

"Window, ee. Koma tebulo ni imozi."

"Manje ngati ni imozi, munatiuzilanji bonse kuti tiziitana tebulo?"

Mayi wa chitenje ndi amene anandipulumutsa. Anawerama n'kufunsa pa foni ngati nkhuku ya kumudzi yapezeka, chifukwa mlamu wake ku Makeni amaweta. Anapatsana manambala ine nditaima pomwepo ndi jekete yanga ya maukwati.

Alendo anatipatsa milungu iwiri yowonjezera. Bambo wa magalasi potuluka anandigwira paphewa n'kunena kuti sanaonepo lipoti lopatsa njala chotere. Sindinaseke.

Chimene chinandimaliza chinabwera masana, ba Chanda ataimba.

"Ba Kompyuta, muziba kuti data inalimo?"

"Inalimo kuti? Ba Tisa banailemba pamwamba."

"Zina ya tebulo chabe ndiye banatenga, data inalimo. Si munaionesa pa wall pa first? Kenelo isunga vonse vamene yaonesa, na number yake. Sembe munaitana chabe number ija, sembe yabwela yonse. Nenze nayamba kulemba, then mwachita restart."

Ndinakhala pansi. Munthu amene ndinamuuza kuti azingochita mapu anali pa mzere umodzi wondipulumutsa, ine n'kumuzimitsira nyale ndi dzanja langa. Ndinamuuza kuti ndinkadziwa zimenezo, kungoti zinthu zinali zothina. Anati ee, ndipo ee wakeyo sindinamukonde.

Ba Tisa mndandanda wawo anaulembanso ndi cholembera m'mphindi makumi awiri, chifukwa unali m'mutu mwawo nthawi yonseyi. Ndinamva kuti mwambo unayenda bwino ndipo nkhuku inafika.

Lolemba tonse tinali pa ofesi nthawi ya 8 koloko. Ndinabwera nditakonzekera nkhondo. Ndisanapatsidwe mpata ndinaimirira n'kunena kuti njirayo ilibe vuto, kuti kenelo inachita ndendende zimene inauzidwa, ndipo aliyense wofuna kutibwezera m'mabasi chifukwa cha chikanda akubwezera dziko m'mbuyo. Ndinalankhula bwino, ndikanakhala wina ndikanadziombera m'manja.

Ba Madam anadikira mpaka nditamaliza.

"Mwakamba zoona," anatero. "System ili che bwino. Naona na menso yanga. Ba Chanda ku Makeni basebenza, ba Tisa ku Kabwata basebenza, olo pa leave. So tipitiliza."

Ndinaona tomato wanga akupsa.

"Koma data ifunika kukonzewa futi, na mapepa siyachoka mu office. Elo makina ifunika muntu wokhala pafupi, oseva daily na sixteen hours, ine nikuona. Ba Kompyuta, ni imwe muiziba bwino."

Ba Chanda anayang'ana kudenga. Ba Tisa anatsegula chikwama n'kundiikira kaphukusi patsogolo. Munali chidutswa cha chikanda chotsala pa mwambo. Anati Aunty Beauty anaphikabe, popeza kachikumbutso kowaletsa kanafafanizika ndi dzanja langa, ndiye n'koyenera kuti ndilaweko. Ndinadya chonse pamaso pawo, osaphethira. Chinalidi cha madzi.

Milungu iwiri ija inatha kalekale. Lipoti linapita, alendo anakhutira. Koma ba Madam anati azolowera kudziwa kuti mu ofesi muli munthu, ndipo mabatire amafuna owayang'anira. Iwonso tsopano amagwirira ntchito ku Woodlands. Ba Chanda ananenepa. Ba Tisa anayamba kuweta zinziri. Repu wanga anauma, tomato anadyedwa ndi nkhuku za aneba, ndipo ine ndimadziwa makondakitala a ku Chelstone ndi mayina awo.

Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, inde, ndimasunga. Nthawi ikakwana 4 koloko ndimasunga, n'kutumiza chithunzi kwa ba Madam ngati mwana wa sukulu. Koma zoti kulumikiza anthu ambiri ku kenelo imodzi n'kulakwa, zimenezo sindidzavomera ngakhale mutandinyamula. Umboni wake ndi anthu atatu amene pakali pano akumwa tiyi m'makonde mwawo chifukwa cha mutu wanga.

Ba Madam analamulanso kuti aliyense azitcha mndandanda wake dzina lakelake. Ba Tisa ndi ba Chanda anasintha tsiku lomwelo. Wanga ndimautchabe tebulo. Dzinalo ndinayamba ndine, ndipo amene akuona kuti ndiyenera kusintha abwere adzandiuze pamaso. Sadzavutika kundipeza, poti ku ofesi ndimapezekako ndine ndekha.